Mpheta Yodya ndi Belu

A Ndendende sanali munthu wa ziweto. Mphaka akasuzumira mu shopu yawo ankamulozera tsache, ndipo nkhuku za kunyumba kwawo ankazizindikira zikakhala m'mbale basi. Ntchito yawo inali yokonza mawotchi, m'kachipinda kopapatiza kamene makoma ake onse anali mawotchi okhaokha. Pakhonde pa kachipindako akazi awo ankasokerapo zovala pa makina opalasa ndi phazi, ndipo khomo lotsatira linali la alamu awo, mchimwene wa mayiwo, amene ankameta anthu tsitsi pakamwa posapuma. Dzina la Ndendende silinali la makolo. Anawapatsa ndi anthu a mumsewumo, chifukwa ukawafunsa nthawi sankangoti yakwana naini ngati anthu ena onse, ankati kwatsala mphindi zitatu ndendende.

Ndiye tangoganizani, mwa anthu onse a mumsewu umenewo, kamwana ka mpheta kanagwera pamapazi pa munthu ameneyu.

Linali tsiku limene eni nyumba anatuma amisiri kudzasintha malata. Amisiriwo anakanganula lata lakale, n'kukokolola udzu ndi nthenga zimene zinali kunsi kwake, n'kungoponya pansi. M'zinyalalamo munali kanthu kofiirira, kamimba kokhakokha, kopanda nthenga kupatula timizere takuda pamapiko. M'mbali mwa mlomo wake munali mwachikasu ngati kadya dzira osapukuta.

"Mayi, tabwerani muone. N'chiyani ichi?"

"Ndi mwana wa mpheta, bambo. Kaikeni pa zenera, mwina make abwera."

Anakaika pa zenera m'chivundikiro cha botolo lalikulu, koma ndi phokoso la nyundo linali padengalo, palibe mbalame imene inayandikira. Pofika masana kanali katasiya ngakhale kutukula mutu.

"Kameneka sikafika mawa," anatero mayiwo, akudula ulusi ndi mano.

A Ndendende anakanyamula kuti akakasiye pansi pa mtengo. Koma dzanja lili ndi chizolowezi chake. Zaka makumi atatu chinthu chilichonse chimene munthu anawapatsira ankayamba achiika kukhutu, ndipo kamwanaka nako anakaika kukhutu asanaganize n'komwe. Sanamve kalikonse ndi khutu, koma pachikhatho anamva kamtima kakugunda mothamanga kuposa wotchi iliyonse imene anaigwirapo.

"Kakuyenda," anatero. "Kakuthamanga kwambiri, koma kakuyenda. Chinthu choyenda ine sindinachitayepo."

Anakhuthula kabokosi ka malamba a mawotchi, n'kuyalamo nsalu yawo yofewa yopukutira magalasi, ija sankalola munthu kuikhudza. Mayiwo anapukusa mutu, komabe anapita kukawiritsa dzira, nalisakaniza ndi chakudya cha anapiye choviika m'madzi. A Ndendende anavala galasi lawo la diso limodzi, natenga kachitsulo kopanira kamene ankanyamulira timawilo ta m'wotchi, natapa kachakudya kochepa ngati mutu wa machesi. Anakagunda pamlomo, koma kambalameko kanatseka pakamwa kuti ndii. Ananyengerera, anaimba mluzu, anayesa kulira ngati mpheta mpaka alamu awo anatulukira ndi lumo m'manja kudzaona amene akudwala. Sizinathandize.

Kenaka wotchi ya belu ya namwino wina, imene anali ataitchera kuti aone ngati yachira, inalira pambali pa kabokosiko. Kambalameko kanadzidzimuka, kanatukula khosi, kukamwa yasa! A Ndendende sanachedwe, anaponyamo chakudya. Kanameza. Analizanso belu, kanayasamulanso, kanamezanso.

"Mwaona, mayi? Palibe chinthu chopanda kiyi wake."

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inayenda mwa dongosolo la a Ndendende. Anandandalika mawotchi atatu a belu pa benchi, kuti pa mphindi makumi awiri zilizonse imodzi izilira. Belu likalira, kukamwa yasa, kachitsulo kalowa, kachitsulo katuluka, kasanu, basi. Madzulo ankapita nako kunyumba, kabokosi kali m'manja ngati anyamula mazira a eni ake, ndipo m'mawa belu loyamba linkalira sikisi koloko. Kasitomala akafika belu lili pafupi kulira, ankauzidwa kuti akhale kaye pa mpando.

Alamu awo anapeza poyambira. M'mawa uliwonse ankasuzumira pakhomo, chipeso chili m'tsitsi.

"Alamu, a Bwanamkubwa adzuka bwanji? Adya kale? Inetu ndayendapo m'mahotela, koma sindinaone munthu womuimbira belu asanameze. Mlongo wangayu munamudyetsapo ndi kachitsulo chomwechi?"

"Pitani mukamete anthu, alamu. Mukutiopsezera mwana."

"Mwamva, achemwali? Akuti mwana! Ine ndiye malume ake. Akakula mubwere naye ndidzamumete ulere."

Dzina la Bwanamkubwa linakakamira, ndipo mwini dzinalo anakula ngati akudziwa udindo wake. Sabata yoyamba maso anatseguka bwino, timizere tija tinaphulika n'kukhala nthenga. Sabata yachiwiri kanatuluka m'kabokosi n'kuyamba kuyendera benchi, kakudumphadumpha pakati pa timabotolo ta mafuta ndi tizivundikiro ta mawotchi. Sabata yachitatu kanauluka kuchoka pa benchi kukatera pa phewa la a Ndendende, ndipo iwo anakhala osagwedezeka mpaka khosi linauma, kuopa kukasokoneza. Munthu amene ankakalipira kasitomala chifukwa chopumira pafupi ndi wotchi yotsegula tsopano ankapukuta zitosi pa benchi uku akung'ung'udza nyimbo. Anali wokondwa, ndipo sankabisa. Ana awo anakula iwo ali pa benchi pomwepa, mutu uli pansi, moti sanaonepo chinthu chikukula tsiku ndi tsiku pamaso pawo.

Sanaganizepo zokasunga mpaka kalekale. Wotchi ikachira imapita kwa mwini wake, ndipo mwini wa mpheta ndi kunja. Anasankha Loweruka kuti ndilo tsiku lokatsegulira chitseko.

Lachitatu lake mayiwo analowa ndi mpunga wosweka kumanja, nawaza pa benchi pamodzi ndi nyenyeswa za dzira.

"Tiyeni tione mmene amadyera mwana wanuyu."

Bwanamkubwa anadumpha, naima pamwamba penipeni pa chakudyacho. Anayang'ana mayiwo, anayang'ana a Ndendende, kenaka anatembenukira ku mawotchi atatu aja n'kudikira. Mpunga unali pansi pa zala zake, koma kwa iye unali ngati mchenga. Nthawi yomweyo munthu wa njinga anadutsa mumsewu akuliza belu lake, ndipo kambalameko kanatembenukira kukhomo, mapiko akunjenjemera, kukamwa yasa, kudikira kuti njinga ikadyetse.

Alamu, amene anali pakhomo, anaseka mpaka anagwira khoma. Mayiwo sanaseke.

"Bambo, apa mwakonza wotchi ina, mbalame simunalere. Anapiye anga amatola okha tsiku lachiwiri. Uyu kunjaku adzamuimbira belu ndani? Adzafa ndi njala ataima pa chakudya."

A Ndendende anachita mantha enieni. M'maganizo anaona kambalame kawo kali pa waya wa magetsi, kakuyasamulira njinga iliyonse yodutsa, mpaka kufooka n'kugwa. Ndipo amene anakaphunzitsa zimenezo sanali mphaka kapena amisiri a malata. Anali iwo, ndi luso lawo lomwe.

"Ndiye titani, mayi?"

"Belu lileke. Njala ikamugwira ayang'ana pansi."

Lachinayi sanatchere mawotchi atatu aja. Koma mu shopu ya mawotchi belu silisowa. Ina inkalira pa ola, ina pa theka la ola, ina inali ndi kanyimbo kake, ndipo yaikulu ya pakhoma inkagunda ndi mawu a bambo. Iliyonse ikalira, Bwanamkubwa ankayasamula n'kuyang'ana a Ndendende m'maso. Munthu wa mtima wanji angapirire zimenezo? Cha m'ma leveni mayiwo analowa kudzatenga sizasi, napeza amuna awo atabisa dzanja kumbuyo ngati mwana woba shuga, Bwanamkubwa akumeza.

"Bweretsani kuno."

"N'kamodzi kokha, mayi."

"Bweretsani." Anatenga kachitsuloko n'kukaponya m'thumba la epuloni yawo. "Mawa zonsezi zikhale chete. Zonse. Ndi ya pamkono panuyo mundipatse, chifukwa mukangoiyang'ana muyamba kuwerenga kuti wadumpha kangati kudya."

"Zonse? Ndi yaikuluyi?"

Wotchi yaikuluyo anawasiyira ndi mmisiri amene anawaphunzitsa ntchito. Inali ya thabwa lakuda, yaitali ngati mwana wa zaka khumi, ndipo chiipachikireni pakhomapo inali isanaimepo ngakhale tsiku limodzi. A Ndendende atagonekedwa m'chipatala chaka china, ankatuma mayiwo kudzaipukusa kiyi, ndipo funso lawo loyamba pa nthawi yoona odwala linkakhala la wotchiyo.

"Sankhani, bambo," anatero mayiwo mofatsa. "Wotchi mudzaiyambitsanso."

Lachisanu m'mawa a Ndendende anayamba ndi zing'onozing'ono. Anachotsa mabatire, anaimitsa za kiyi, za pamkono anazisonkhanitsa m'chitini n'kukazisungitsa kwa alamu awo. Pomaliza anakwera pa mpando, anatsegula kachitseko ka galasi ka wotchi yaikulu ija, nayang'ana chitsulo chake cholendewera chikupita uku ndi uku. Anachigwira ndi zala ziwiri, mwaulemu, ngati akugwira dzanja la munthu wamkulu. Chinaima.

Mu shopu munangoti zii. A Ndendende anatsika pa mpando makutu akuwalira. Kenaka anayamba kumva zinthu zimene sankadziwa kuti zimamveka m'chipindamo: makina a akazi awo pakhonde, sizasi ya alamu kuseri kwa khoma, ndi mpheta zambirimbiri zikukangana padenga la tsidya lina la msewu. Bwanamkubwa nayenso anapendeketsa mutu kumvetsera.

Alamu anaitenga nkhaniyo ngati yawo. Anasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi, nakaima m'mphepete mwa msewu atavala epuloni, akuimitsa aliyense wa njinga.

"Pepani achimwene, belu ayi pano. Muli wodwala m'nyumbamu."

"Akudwala chiyani?"

"Ulemu wachuluka. Dutsani mwakachetechete."

Ola loyamba Bwanamkubwa anadikira mwaulemu pafupi ndi mawotchi ake atatu. Ola lachiwiri anayamba kulira. Anakwera pa dzanja la a Ndendende, anawajompha chala, anagwedeza mapiko, analira kulira kwa mwana amene sakumvetsa chimene walakwa. A Ndendende anakhalira manja awo, thukuta lili kamukamu. Mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene ankadutsa tsiku lililonse kudzatchera wotchi yake, anaima pakhomo n'kuyang'ana makoma ali duu.

"Kwagwanji kuno? Nthawi ili bwanji, a Ndendende?"

"Sindikudziwa, aphunzitsi."

Mphunzitsiyo anavula chipewa, nafunsa mayiwo monong'ona ngati kunyumba kuli bwino.

Dzuwa litafika pamutu, a Ndendende sanathenso kupirira.

"Mayi, kafooka. Taonani mapiko agwa. Ndipatseni kachitsulo kaja, ndikapatse kamodzi, kopanda belu."

Mayiwo anasiya makina, analowa, nakhala pambali pawo.

"Kafooka ndinu. Make wa anapiye sawaika chakudya m'kamwa, amajompha pansi iwo akuona. Gogodani ndi chala pa mpungapo."

A Ndendende anagogoda: go, go, go, go. Kugogoda kwake kunali kolongosoka, kofanana, kosaphonya, moti ukanatha kutcherera wotchi. Bwanamkubwa anamvetsera pang'ono, kenaka anayasamula.

"Abale inu! Musagogode ngati wotchi! Nkhuku munaionapo ikujompha choncho?"

Anayesanso, koma chala chawo chinakana kusokoneza. Zaka makumi atatu za kugunda kolongosoka sizichoka m'chala tsiku limodzi. Mayiwo anaseka mpaka misozi, nakankha dzanja la amuna awo, nayamba kujompha okha ndi chikhadabo: apa kawiri, apo kamodzi, kupalasa pang'ono, kuima, kujomphanso. Bwanamkubwa anatseka pakamwa. Anayang'ana chalacho ndi diso limodzi, kenaka ndi linalo. Anaweramitsa mutu mpaka mlomo unatsala pang'ono kukhudza kambewu ka mpunga. Koma kambalameko kanadzuka, kanadzikuna m'phiko, n'kuyambanso kulira.

Anakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka, mayi akujompha, bambo akuusa moyo, alamu akusuzumira pa zenera mphindi iliyonse kufunsa ngati wodwala walawa kanthu.

Chimene chinathandiza sichinali nzeru ya munthu aliyense. M'wotchi yaikulu ija, imene kachitseko kake kanatsala kotsegula, munkakhala kangaude wamng'ono. Mwina bata linamudabwitsa nayenso, chifukwa anatsika pa ulusi wake pang'onopang'ono mpaka anatera pa benchi, nayamba kuthamanga pakati pa mpunga. Bwanamkubwa anasiya kulira. Anadumpha kamodzi, kawiri, khosi linatambasuka, ndipo kangaude uja sanaonekenso.

Kambalameko kanaima kodabwa, ngati kakufunsa kuti wandidyetsa ndani. Kenaka kanayang'ana pansi pamene panali kangaudeyo, kanaona nyenyeswa ya dzira, kanajompha. Kanaphonya. Kanajomphanso, kanatola, kanameza. Kanatola ina. Kanayesa mpunga, kanaulavula, kanautolanso.

A Ndendende anatsegula pakamwa kuti afuule, koma mayiwo anawatseka ndi chikhatho. Anakhala choncho awiriwo, dzanja la mayi lili pakamwa pa bambo, mapewa akugwedezeka ndi kuseka kosatulutsa mawu, misozi ya a Ndendende ikutsikira pa zala za akazi awo. Pa zenera alamu ankavina okha ndi lumo m'manja, ndipo kasitomala wawo wina anatuluka ndi thovu kumaso kudzaona chimene chachitika.

Loweruka lija linadutsa chitseko chisanatsegulidwe, ndipo mawotchi anakhala chete masiku ena anayi, kuti phunziro likhazikike. A Ndendende ankakonza mawotchi a anthu n'kukawayesera kwa alamu, uku akuyenda m'mbali mwa makoma kusaka akangaude ndi tiziwala. Bwanamkubwa anaphunzira kumwa madzi m'chivundikiro, kusamba momwemo, ndi kuba nyenyeswa za buledi m'mbale ya mwini shopu osapempha. Pa phewa ankaterabe, koma mwa apo ndi apo, ngati munthu amene ali ndi zochita zambiri.

Lachitatu m'mawa anatsegula chitseko n'kuchitsekereza ndi njerwa. Kambalameko kanaima pakhomo nthawi yaitali. Kanadumphira pakhonde, kanazungulira pansi pa makina osokera, kanabwerera m'kati, kanatulukanso. Kutsidya kwa msewu, kutsogolo kwa golosale, thumba la mpunga linali litabooka potsitsa, ndipo mpheta pafupifupi makumi awiri zinali pa phwando. Bwanamkubwa anaziyang'ana, anagwedeza mchira, ndipo mosatsanzika anauluka motsika kuwoloka msewu, nakatera m'mphepete mwa gululo.

"Uyo! Uyo ali kumanzereyo!" anatero a Ndendende, chala chili patsogolo. "Akudya, mayi! Taonani, walanda mnzake!"

Anamutsatira ndi chala akulowa pakati pa anzake. Kenaka galimoto inadutsa, mpheta zonse zinauluka pamodzi kukatera padenga, ndipo fumbi litatha zinatsikanso pamodzi. Chala cha a Ndendende chinayendayenda m'malere. Zonse zinali zofiirira, zonse zinali zonenepa, zonse zinali kalikiliki kujompha.

"Ndi uti tsopano?" anafunsa alamu.

"Sindikumudziwa."

Alamu anaona nkhope ya mlamu wawo, ndipo kwa kamodzi sanaseke. Analowa mu shopu, natuluka ndi imodzi ya mawotchi atatu aja, chala chili pa kiyi wa belu.

"Musadandaule, alamu. Ndingoliza kamodzi. Amene atembenuke ndi wathu."

A Ndendende anayang'ana wotchiyo. Ankafunitsitsa, ndipo mtima unkawawa ndi kufunako. Anatambasula dzanja, naphimba belulo ndi chikhatho chawo, nailanda wotchiyo mofatsa.

"Ayi, alamu. Musiyeni adye."

Anakokera mpando pakhonde pafupi ndi makina a akazi awo, wotchi ili chete pamiyendo pawo, nakhala pansi kuonerera mpheta zonse makumi awiri, akumwetulira iliyonse.